Mzere wa Choko Kuseri kwa Madzi

Ku Kalingalinga, mumzinda wa Lusaka, m'mbali mwa msewu momwe akalipentala ndi owotcherera zitsulo amayala mipando ndi mageti kudikira ogula, muli kashedi ka malata komwe ba Wilbroad Chalwe akhala akudula magalasi kwa zaka zambiri. Manja awo ndi odzaza ndi timizere toyera, zipsera za ntchitoyo, ndipo sagwira chinthu mwaphuma, ngakhale kapu ya tiyi. Anabadwira ku Mufulira, m'nyumba ya kampani ya mgodi, ndipo ali wamng'ono ankaweta nkhunda kuseri kwa nyumbayo. Bambo awo atachotsedwa ntchito banja linabalalika. Ba Wilbroad anatsikira ku Lusaka, nayamba kunyamulira magalasi mmisiri wina wokalamba, mpaka anaphunzira kudula okha. Ankaika mazenera, ankapanga mabokosi oonetsera tchipisi ndi soseji pa tuntemba, timasitolo ta m'mbali mwa msewu, ndipo m'zaka za posachedwapa anayamba kupangira anthu a ku Kabulonga mathanki a galasi osungiramo nsomba zokongoletsa nyumba. Mathankiwo ankawapereka opanda kanthu. Zomwe eni ake ankaikamo sizinkawakhudza, monga momwe woumba mbale safunsira ndiwo zomwe zidzadyeredwemo.

Akazi awo, ba Justina, ankagulitsa tomato ndi lepu pamsika wa Mtendere. Anali mayi wa mawu aakulu, woti akaseka, mzere wonse wa ogulitsa masamba unkacheuka kufuna kumva chomwe chasekedwa. Mwana sanakhale naye. Motero ba Wilbroad anafika pa imvi akuitanidwabe ndi dzina lawo lenileni, pomwe anzawo onse anasanduka bashi uje ndi bashi uje, kutchulidwa ndi maina a ana awo, ndipo achibale a mbali zonse ziwiri anayankhulapo mpaka pakamwa panawauma. Zoyankhulazo zinawasiyira ba Wilbroad chizolowezi chimodzi, chotseka chitseko. Munthu akafuna kulowerera za m'banja mwawo ankangoyankha kuti, “Tili babili, tikwana.”

Tsiku lina m'nyengo yotentha ba Justina anagwa pamsika akuwerama kutola tomato wogubuduka. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo potuluka mbali yonse ya kumanja inali itafa, mawu atangotsala ochepa osamveka bwino, khosi litauma moti sankatha kukweza kapena kutsitsa mutu. Madokotala anati ndi sitiroko. M'komboni anthu ananena zina. Azimayi a pamsika ndi a kutchalitchi ankabwera kudzapemphera, nyumba n'kudzaza, koma tsiku lina ba Wilbroad anamva mmodzi akunong'oneza mnzake panja kuti amuna ena amapereka akazi awo kuti bizinesi iyende. Kuyambira pamenepo sanalolenso gulu kulowa. Ankawasambitsa okha akazi awo, kuwatembenuza, kuwadyetsa phala, kenako n'kukhoma loko pachitseko kupita kushedi. Masana ankabwera kudzawasintha, n'kukhomanso.

Yekhayo amene ankaloledwa kulowa anali mng'ono wa ba Justina, ba Hilda, amene amakhala ku Kabanana m'nyumba yodzaza ana ndi adzukulu. Ba Hilda anafika tsiku lina osanena, napeza loko. Anakhala pamwala pakhomo mpaka mwini nyumba anatulukira.

“Bamulamu, uja ali mukati ni munthu, si njinga yokhomela loko,” anatero ba Hilda asanapereke n'komwe moni.

“Nimabwela masana. Nimabapeza bali che bwino.”

“Bali bwino? Bayangana chipupa kuchoka kuseni mpaka mazulo. Vakudya bayamba kukana. Simuona mwamene bayondela? Nipaseni basisi nibatenge ku Kabanana, kuja kuli banthu.”

“Ni bakazi banga. Ninalonjeza mu chechi.”

“Nanga ine nenze kuti? Nenze pamene apo, nagwila na maluba. Mvelani, bamulamu: mwezi ukasila nizabwela na motoka. Nikabapeza chimozimozi nizabanyamula, olo muitane bapolisi.”

Wina angafulumire kuweruza apa, n'kunena kuti mwamuna wokhomera wodwala m'nyumba ndi wouma mtima. Koma woweruzayo ayenera kuyamba wayankha funso ili: m'mzinda momwe chakudya cha lero chimapezeka lero lomwe, mwamuna wosatuluka adzadyetsa chiyani wodwala wake? Winanso anganene kuti ba Hilda ankalowerera za eni. Nayenso ayankhe ngati pali munthu woti angaone mkulu wake akufota n'kukhala chete pofuna ulemu. Onse awiri ankanena zoona, ndipo mikangano yotere ndiyo yotopetsa kwambiri, chifukwa palibe wolakwa woti n'kumuloza.

Mawu okhudza chipupa aja anawabaya ba Wilbroad. Ba Hilda atapita, iwo anagona pambali pa akazi awo, naika mutu papilo yomweyo, nayang'ana komwe maso a wodwalayo ankayang'ana. Anaona kachigawo ka khoma la penti yosupuka, kopanda chithunzi, kopanda zenera. Anadzuka, natenga choko, nalemba mzere pakhomalo kuchokera pakona mpaka pawodiropu, molingana ndendende ndi maso a ba Justina. Anatsimikiza mumtima kuti pamzere umenewo padzakhala chinthu chamoyo choyenda, ndipo ba Hilda akadzabwera ndi galimoto yawo adzabwerera yopanda munthu.

Kushedi anali ndi magalasi ochindikala omwe anatsala pochotsa zenera la sitolo ina yotsekedwa. Dixon, wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana, anawapangira choikapo cholimba. Magalasiwo anawalowetsa m'chipinda limodzilimodzi, chopendeketsa, n'kuwamatira momwemo ndi silikoni, ba Justina akumva fungo lake lowawasa. Inatuluka thanki yaitali kuposa bedi, yaikulu kuposa iliyonse yomwe anapangirapo anthu olemera. Madzi anatunga pakiyosiki m'zigubu, kukankha pawilibala ulendo ndi ulendo mpaka msana unakana. Thanki itadzaza, mzere wa choko unkaoneka bwinobwino kuseri kwa madzi, utadutsa pakati penipeni.

Nsomba zoyamba anawabweretsera dalaivala wina wodutsa ku Kafue, m'ndowa: timilamba ndi nsomba zija amazitcha mabulimu. Kwa ba Wilbroad nsomba inali nsomba. Koma milamba inangogona pansi ngati nkhuni zonyowa, kutali ndi mzere, pomwe maso a ba Justina sankafika. Mabulimu anayamba kukumba mchenga ndi kulumana, madzi n'kuchita mbuu ngati maheu. Pasanapite nthawi nsomba zonsezo zinathera m'poto wa akazi a Dixon, ndipo ba Wilbroad anayambiranso kukankha wilibala.

Kasitomala wina ndiye anawalozera ku Lilanda, kwa ba Pumulo, mayi wachitsikana amene amaweta nsomba zokongoletsa kuseri kwa nyumba ya makolo ake, m'mabafa akale ndi m'mathanki ong'aluka omata ndi tepi. Ba Wilbroad anafika atavala jekete ya kutchalitchi, nafotokoza zomwe ankafuna mosamala ngati akupereka muyeso wa zenera.

“Nifuna nsomba zamene sizigona pansi, siziyandama pamwamba. Za pakati. Na zikulu, chifukwa menso ya bodwala yaona pang'ono.”

Ba Pumulo anawadutsitsa timabafa ta tinsomba tating'ono ta michira yamitundumitundu, nawafikitsa pa mathanki atatu aakulu. Mu yoyamba munali nsomba zazitali, zowonda, za zipsepse zakuda m'mphepete.

“Izi ni zokongola, batate, koma ni zamantha monga kawalala. Chitseko chikamenya zimajumpha, zimazigunda pa galasi. Pali shabini pafupi na nyumba yanu?”

“Zibili. Na chechi ya masipika.”

“Ndiye izi zisiyeni, zizafa na mutima.”

Mu thanki yachiwiri munali nsomba zobulungira ngati sosala, zomwe zinathawira kumbuyo ba Wilbroad atangoyandikira. Anapukusa mutu: wodwala safuna nsomba zoti azichita kuzisaka. Mu yachitatu munali gulu la nsomba zoyera ngati malata atsopano, zipsepse zofiira, zikuyenda pamodzi pakati pa madzi, kukhota pamodzi, kubwerera pamodzi. Ba Wilbroad anagwada, naika maso awo molingana ndi gululo, nakhala choncho kanthawi.

“Izi ni matinifoyilo,” anatero ba Pumulo. “Manje zili monga chikhatho, koma zizakula kufika apa,” nagwira pafupi ndi chigongono. “Zidya vilivonse, olo lepu. Thanki yanu ni itali bwanji?”

“Ipitilila bedi.”

“Yakwana pakali pano. Nikuikileni zingati?”

“Zibili. Imuna na ikazi.”

Ba Pumulo anaseka mpaka anatsamira pathanki. “Batate, izi si nkhunda! Izi ziyenda pa gulu. Tengani sikisi, seveni, olo kupitilila. Zibili zizankhala che pa kona monga balendo pa malilo ya munthu wamene sibaziba.”

“Bogulisa bonse bamakamba so. Nikafuna misomali ibili bamati tengani kilo.”

“Olo ine siniziba imuna ni iti pa saizi iyi.”

“Sankhani che imozi yamene ioneka yaukali, na imozi yofasa.”

Sikunali kuumira. Ba Wilbroad anakula akudziwa kuti chiweto chimayambira pa ziwiri. Nkhunda anazigula ziwiri, akalulu a m'khola anawagula awiri, ndipo m'komboni monse munthu woyamba kuweta nkhuku amafunafuna tambala ndi thadzi. Kugula zinthu zamoyo mwachigulu, osadziwa yaimuna ndi yaikazi, kunawaonekera ngati chisawawa cha anthu osadziwa kusunga zinthu. Komanso pansi pa mtima ankakhulupirira zomwe ankauza anthu zaka zonsezi, kuti awiri amakwana. Ba Pumulo anakweza mapewa, nawola nsomba ziwiri, nazimangira m'pulasitiki ya madzi, nawalangiza za pampu ya mpweya ndi zoyenera kuchita malaiti akapita. Ba Wilbroad anaifungatira pulasitikiyo pamiyendo m'minibasi njira yonse, akukankha ndi chigongono aliyense woyandikira.

Atazimasula m'thanki, nsomba ziwiri zija zinathamangira kukona ya pansi, kuseri kwa pampu, ndipo sizinatulukemo. Ba Wilbroad anati ndi chilendo chabe. Koma masiku anapita, nsomba zili pomwepo. Chakudya zinkachita kuba, kutulukira mwaliwiro n'kubwerera. Yokulirapo inayamba kuthamangitsa inzake ndi kuiluma zipsepse, ndipo kuwala kwa mamba awo kunazilala. Malaiti akapita pampu inkaima, ndipo ba Wilbroad ankaimirira pambali pa thanki ndi jagi, kutunga madzi ndi kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya, dzanja lina likugwira supuni ya phala. Tsopano anali ndi odwala atatu. Ba Justina ankayang'ana madzi opanda kanthu ndi mzere wa choko kuseri kwake, ndipo supuni ikafika pakamwa ankatseka milomo.

Pakati pa mwezi ba Hilda anadutsa kudzasiya matewera ochapa. Anaima pakhomo la chipinda, nayang'ana thanki kuchokera uku mpaka uko.

“Nsomba zili kuti?”

“Zili kumbuyo kwa pampu. Zikali kuchita manyazi.”

“Ndiye basisi poyamba benze kuyangana chipupa, manje bayangana chipupa chonyowa.” Ba Hilda anaika matewera pampando, ndipo mawu awo anafewa. “Bamulamu, mwalema. Ziyanganeni pa galasi yanu yamene iyo. Vomelani che.”

Ba Wilbroad anatola matewerawo n'kuwaika m'wodiropu. M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Lilanda ndi ndowa ya chivindikiro. Ba Pumulo atawaona pageti anangofunsa kuti, “Nkhunda zili bwanji, batate?” Ba Wilbroad anaika ndowa pansi. Analoza mathanki omata ndi tepi aja, nanena kuti adzawapanga atsopano ndi magalasi otsala kushedi ngati angawapatse nsomba zotsalazo lero. Ba Pumulo sanawonjezere chipongwe china. Anatenga kaukonde, nawola zisanu zonenepa bwino.

Chomwe chinachitika masana amenewo ba Wilbroad amachifotokoza mpaka lero ndi manja, chifukwa mawu amawachepera. Nsomba zatsopano zinangolowa n'kusonkhana pakati pa madzi. Zinayenda ulendo umodzi mpaka kumapeto, ndipo pobwerera, ziwiri zija zinatuluka kuseri kwa pampu n'kulowa m'gulumo ngati zinali zikudikira basi. Palibe inaluma inzake. Gulu lonse linkayenda motsatira mzere wa choko, kuuphimba ndi kuuonetsanso, ndipo pokhota linkang'anima lonse nthawi imodzi. Ba Wilbroad anacheuka. Maso a ba Justina, omwe kwa miyezi anali ataima malo amodzi, ankayenda. Ankapita ndi nsomba mpaka kuwodiropu, n'kubwera nazo mpaka kukona. Pakhosi pawo panatuluka kamawu kakang'ono. Tsiku limenelo anadya theka la mbale, maso ali pagalasi.

Mwezi utatha ba Hilda anafikadi ndi kagalimoto ka hayala. Poganiza kuti pakhala kulimbana, komanso pofuna manja onyamulira wodwala, anabwera ndi azimayi awiri a pamsika wa Mtendere. Mmodzi anali bana Bwembya, ndiye kuti amake a Bwembya, amene kwa zaka zambiri ankagulitsa patebulo loyandikana ndi la ba Justina. Kale ba Wilbroad akadawaimitsa pakhomo. Koma tsikuli ankafuna mboni, motero anatsegula chitseko chonse.

Azimayiwo analowa n'kukuwa. “Mayo ine! Ba Chalwe, mwabweletsa Kafue mu bedilumu!” anatero bana Bwembya. “Izi zikakula muzatiitana? Nizabwela na tomato na anyezi.”

“Izi sizodyewa,” anayankha ba Wilbroad.

“Nsomba yosadyewa? Monga mwamuna wosagwila nchito, ni wa chani?”

Ba Hilda sanaseke. Anaima kumapazi kwa bedi akuyang'ana maso a mkulu wawo akuyenda ndi gulu la nsomba, ndipo anaika dzanja pakamwa. Koma bana Bwembya anali atakhala kale pamphepete pa bedi, thupi lawo lalikulu litatseka theka la thanki, atagwira dzanja lamoyo la ba Justina.

“Iwe Justina, uziba wamene anatenga tebulo yako? Uja wamawigi. Tomato yobola amaika pansi, yabwino pamwamba, monga banthu ni vipuba. Manje last wiki kunabwela mphepo, wigi yake yauluka, yagwela mu dishi ya kapenta. Wa kapenta akuti, mayo, iyi mwaika pa sikelo muzalipila!”

Ba Wilbroad anatsegula pakamwa kuti awauze kuti asunthe, akutseka nsomba. Asananene, m'chipindamo munamveka phokoso lomwe anali ataliiwala. Ba Justina ankaseka. Pakamwa panali popotoka, mbali imodzi yokha ikugwedezeka, koma kuseka kwake kunali komwe kuja kwa pamsika, kochokera m'mimba. Maso awo anali atachoka pagalasi, ali pankhope ya bana Bwembya. Nkhani zinatsatizana, za amene anakwatiwa, amene anathawidwa, amene anayamba tchalitchi chake m'kalasi ya sukulu. Bana Bwembya anatulutsa chitumbuwa m'chikwama, nachiviika mu tiyi, namadyetsa mnzawo pakati pa nkhani, osanyengerera, osawerengera masupuni. Chitumbuwa chinatha chonse. Nsomba zinkangoyenda kuseri kwa msana wa mlendo, popanda woziyang'ana.

Ba Hilda anawaitanira alamu awo panja.

“Bamulamu, naona na menso yanga. Mwayesa, na basisi baoneka bwino. Sinizabatenga. Motoka ibwelele che.”

Ba Wilbroad anapambana. Galimoto inabwerera yopanda munthu monga momwe anafunira, ndipo Dixon anawagwira chanza pamsewu. Koma alendo atapita, m'nyumba munangotsala kulira kwa pampu. Ba Wilbroad anaduladula tsamba la lepu, naliponya m'thanki, gulu lonse n'kulithamangira. Anacheuka kuti aone akazi awo akusangalala. Maso a ba Justina anali atakokedwera kumapeto kwenikweni, komwe khosi louma silikanawafikitsa, kuyang'ana kuchitseko.

Masiku otsatira anaonetsetsa bwino, pakuti tsopano ankadziwa kuti maso aja amayenda. Ba Justina ankazitsatiradi nsomba, kanthawi. Koma phazi likangomveka panja, kapena mawu a mayi woitana mwana, maso ankasiya gulu lija n'kuthamangira kuchitseko, n'kudikira, n'kubwerera pang'onopang'ono. Phala anayambanso kulisiya. M'mawa wina ba Wilbroad atakhoma loko anaima pakhomo ndi kiyi m'manja, osatha kupita kushedi, osatha kutsegulanso.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichinachitike m'mkangano wonsewu, ndipo n'chofala m'nyumba zambiri momwe muli wodwala wosayankhula. Mwamuna ananena zomwe analonjeza, mng'ono ananena zomwe ankaona, koma palibe amene anafunsa mwini thupi. Timaganiza kuti munthu akataya mawu wataya ndi maganizo omwe, ndipo timayamba kumukonda monga momwe timakondera katundu wosweka msanga, kumusunga pabwino osamufunsa. Sikoyeneranso kunena kuti nsomba ndizo zinawaphunzitsa ba Wilbroad, pakuti munthu si nsomba, ndipo iwo eni amakana msanga akamva wina akuyerekeza choncho. Chomwe thanki ija inachita n'chochepa: inawaonetsa kuti akazi awo akadali m'katimo, akuona, akusankha choyang'ana. Ndipo munthu amene akusankha ayenera kufunsidwa.

Anatsegula loko, nalowa, nagwada pambali pa bedi pomwe maso a akazi awo akanawapeza.

“Ba Justina, nifunseko. Osaniopa, osanimvelela chifundo. Mufuna kuyenda ku Kabanana kuli ba Hilda?”

Ba Justina anawayang'ana nthawi yaitali. Misozi inatsika, kudutsa pamphuno, kugwera papilo. Kenako anakankha mawu amodzi mwa ochepa omwe anawatsalira: “Eee.” Nthawi yomweyo dzanja lawo lamanzere linagwira mkono wa amuna awo, kuufinya, osautaya. Ba Wilbroad anamva mayankho onse awiri. Anakhala chogwada mpaka dzanjalo linatopa lokha, kenako anatuluka kukaimbira foni ba Hilda.

Ba Hilda anadabwa, nafunsa kawiri ngati amva bwino. Kenako anati, “Ndiye bweletsani na nsomba zao. Tizasuntha kabati.” Ba Wilbroad anaitana Dixon kuti aone kanyamulidwe kake. Dixon anayang'ana thanki, nayang'ana khomo, natuluka kukayang'ana kampata kopapatiza ka pakati pa nyumbayo ndi ya eni malo, komwe khomolo limatulukira. Anabwerera akukanda mutu.

“Badala, iyi siizachoka. Magalasi yanangena imozi imozi. Yomata so siingakhote apa, olo tigwetse chipupa ya balandilodi.”

Ba Wilbroad anatenga tepi yoyezera, nayeza okha, ngakhale anali ataona kale ndi maso. Moyo wawo wonse sanapangepo kabati ya galasi asanayeze khomo la kasitomala. La kwawo sanaliyeze, chifukwa sanaganizepo kuti m'chipinda chimenecho mudzatuluka kanthu. Akanatha kudula silikoni n'kukaimanganso ku Kabanana, koma ankadziwa nyumba ya ba Hilda: khoma lililonse lili ndi matiresi otsamira, ndipo adzukulu amasewera mpira m'chipinda chochezera. Ba Justina anapita ndi zovala zawo ndi wailesi, kukagona pabedi la kuchipatala lomwe ba Hilda anabwereka kutchalitchi. Nsomba zinatsala.

Masiku ano ba Wilbroad amakwera maminibasi awiri Lamlungu lililonse kupita ku Kabanana. Amawapeza akazi awo atagonekedwa pakhonde, pakati pa azimayi osenda nyemba ndi ana okangana, wailesi ikulira, wina akuwaluka tsitsi. Masaya abwerera pang'ono. Ba Wilbroad amakondwa, ndipo kukondwako kumawapweteka penapake pomwe satchula. Amakhala pampando wa alendo, amapatsidwa tiyi m'kapu ya alendo, n'kuwauza akazi awo kuti nsomba zakula, kuti yaukali ija tsopano ndiyo imatsalira kumbuyo. Ba Justina amawagwira mkono mpaka nthawi yonyamuka.

Nsombazo zakuladi. Ba Pumulo, amene tsopano ali ndi mathanki osadontha, anawachenjeza kuti pakapita chaka kapena ziwiri thankiyo idzazichepera, ndipo ba Wilbroad sadziwa chomwe adzachite. Bana Bwembya anapereka kale maganizo awo pa nkhaniyo. Pakali pano ba Wilbroad amakankhabe wilibala kupita kukiyosiki, msana ukudandaula, ndipo pobwera kushedi amadutsira pamsika kutola masamba a lepu otsala. Akafika amagona mbali yomwe ankagona akazi awo, mutu papilo yomweyo, n'kumayang'ana gulu likudutsa pamzere wa choko, kupita kuwodiropu, kubwerera kukona. Nthawi zambiri tulo timawapeza asanavule nsapato. Kenako malaiti amapita, pampu imaleka kulira, ndipo batalo ndilo limawadzutsa. Amakhala tsonga, amapukuta kumaso, n'kutambasula dzanja kufuna jagi.